Mlonda ndi Filimu ya Dalaivala wa Bandi

Mwana wanga atakwanitsa miyezi isanu ndi itatu, ine ndinali nditazolowera kugwetsa zinthu dala.

Ndinayamba ndi supuni. Ndinkamukhazika pamkeka, n'kuzembera kumbuyo kwake, n'kuisiya supuniyo kuti igwe pasimenti. Iye ankangopitiriza kuyamwa chala chake chakuphazi. Kenako ndinagwetsa chivundikiro cha poto, kenako poto weniweniyo, mpaka mayi wa khomo loyandikana nalo anagogoda pakhoma kufunsa ngati tayamba kumenyana masana. Mwana osatembenuka. Koma ndikangodutsa kutsogolo kwake, ngakhale chithunzithunzi changa chokha chikagwera pamkekapo, ankadzutsa mutu msangamsanga, maso ali tong'o, n'kundisekerera ndi nkhama zake. Maso amenewo ndi amene anachititsa bambo ake kumutcha Mlonda. Ankati palibe chodutsa m'nyumba muno iye osachiona.

Kusikelo anamwino anali atandiuza kawiri konse kuti tipite naye kuchipatala chachikulu akamupime makutu. Anati zinthu zotere zimafuna changu, mwezi uliwonse umene ukudutsa ndi mawu amene mwana akutaya. Ndikanatha kupita ndekha, basi yake ndimaidziwa. Koma ndinkaopa kubwerako ndi yankho n'kulisenza ndekha m'nyumba imene mwini wake akuti mulibe funso. Ndinkafuna bambo ake avomere, anyamule mwana ndi manja awo, tipite tonse.

Iwo ankakana. Amuna anga amagwira ntchito m'holo yaing'ono yoonetsera mafilimu, ya mipando makumi asanu ndi atatu, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Ndiwo amayendetsa makina oonetsera ndi a mawu omwe, ali m'kachipinda kawo kumtunda chakumbuyo, kamene kali ndi kawindo kamodzi koyang'ana m'holomo. Makutu ndiwo chuma chawo. Amatha kumva kuti sipika ya kumanzere yayamba kung'ambika sabata yathunthu wina aliyense asanamve kanthu. Firiji yathu ikangosintha kaliridwe, amadzuka pampando.

"Mwana wa ine asamve?" ankatero. "Mayi a Mlonda, munaonapo mwana wa bakha akumira?"

Ndiye ankagwada kutsogolo kwa mwanayo n'kuomba m'manja, phwa! Mlonda n'kuseka mpaka dovu kuyenderera.

"Mwaona?"

"Wakuonani. Muombere kumbuyo."

"Kumbuyo kukatani? Munthu amacheza ndi mwana wake kumbuyo?"

Amayi awo, apongozi anga, akabwera kudzationa ankangokolezera. "Bambo akeyu mpaka zaka zitatu anali duu ngati thumba la mchere. Lero yesani kumutseka pakamwa muone. Inu ana a sukulu, vuto lanu n'kuwerenga kwambiri timapepala ta kuchipatala." Ine ndinkangoti, "Chabwino amayi," n'kulowa kukhitchini.

Mwezi umenewo kuholoko kunabwera filimu ina yachilendo, ya chiyankhulo chimene palibe ankachimva, mawu ake olembedwa m'munsi. Anthu sanaikonde. Madzulo ena kunkabwera asanu ndi awiri okha, awiri mwa iwo n'kugona. Koma amuna anga inawalowa m'mafupa. Tsiku lina anandifotokozera ine ndikuchapa matewera, iwo ataima pakhomo la bafa.

"Ndi dalaivala," anatero. "Amayendetsa basi ya bandi, zaka makumi awiri. Koma anzake akamaimba mkati, iye amatsala panja kuyang'anira basi, poti mumakhala katundu. Ndiye nyimbo zawo zonse amazimvera pakhoma. Sanalowepo n'kamodzi komwe. Ndipo wopanga filimuyo, tamverani apa, nafenso amatimveretsa pakhoma. Ola lathunthu ndi theka, du, du, du, ngati wailesi yofunditsidwa bulangeti. Kenako chakumapeto mayi wina wonyamula kireti ya mabotolo amakankha chitseko chakumbuyo ndi phazi. Theka la mphindi lokha. Mawu onse amatuluka nthawi imodzi, malipenga, ng'oma, zonse. Ine pamenepo sindikhala m'kachipinda. Ndimatsika, n'kukaima kumbuyo pakatani, kuti ndizimve ndi thupi lonse. Kakhumi ndi kamodzi tsopano, koma thupi limandichitabe tsemwe."

Ndinafinya thewera. "Ndiye chikatseguka, amalowa?"

"Mudzaone nokha."

Lachitatu lililonse m'mawa, a manijala a holoyo, mayi wamtali wa magalasi, amatsegulira amayi a makanda. Magetsi sawazimitsa onse, mwana akalira palibe wokuyang'ana ndi diso lofiira, ndipo lamulo lalikulu n'lakuti voliyumu, imene madzulo imakhala pa seveni, itsitsidwe ifike pa folo. Kawirikawiri amaonetsa zoseketsa. Sabata imeneyo amuna anga anawanyengerera a manijala kuti aike ya dalaivalayo. Anati ndi filimu yachete, ana agona bwino. Ine anandichonderera masiku atatu kuti ndibwere.

Ndinapita. Ndinakhala mzere wachiwiri kuchokera kumbuyo, mpando wa m'mphepete, chifukwa pamalo podzaza anthu ndimafuna ndizichiona chitseko chotulukira. Munali amayi pafupifupi makumi awiri, fungo la mkaka ndi mafuta a ana lili guu. Pambali panga panakhala mayi wojintcha wa mapasa, mmodzi pamwendo uwu wina pamwendo uwo. Atakoka zipi ya chikwama, mapasa onse anatembenuka nthawi imodzi. Ndinaziona. Zoterezi ndimaziona paliponse, m'basi, pamzere wa kusikelo, pampopi, mwana wa mnzanga akucheukira kakulira ka pepala la pulasitiki.

"Wanu ndi wofatsa bwanji," anatero mayiyo. "Tisinthane. Ndikupatsani awiri, mundipatse mmodzi."

Ndinaseka pang'ono, n'kumukokera Mlonda pafupi.

Filimu inayamba. Ndinene zoona, ndinapita nditakonzeka kudana nayo, koma inandigwira. Dalaivalayo anali bambo wa imvi za m'mbali, wa jekete lothina m'mapewa. Pali pena akusenda lalanje atakhala pakhomo la basi, ndipo mpeni ukuyendera limodzi ndi kugunda kochokera kukhoma. Ng'oma ikaima mpeni nawo uima, khoko la lalanje lili lende, kudikira. Pali penanso oimba atuluka, thukuta lili kamukamu, woimba lipenga n'kumufunsa mwachipongwe kuti taimba bwanji lero, bwana wa matayala. Iye akupukuta galasi, osatembenuka, akuti: nyimbo yachitatu munathamanga, ndipo woimba wanu wamwa, chifukwa ng'oma yamudikira kawiri. Onse zii, poti zinali zoona. Pamenepo ndinacheukira kumtunda, kukawindo kaja. Ndinangoona mutu wa amuna anga uli bii pambali pa kuwala kwa makina. Zaka zisanu ndi ziwiri akhala kuseri kwa galasi limenelo, kusangalatsa anthu osawadziwa nkhope. Ndinamvetsa chimene ankaikondera.

Koma inalinso ndi zake. Mvula inagwa pagalasi la basi mphindi zinayi zathunthu, ndinachita kuyang'ana pawotchi, popanda china chochitika. Oimbawo akamadya, tinkawaonerera mpaka mbale kuyera. Ndiponso dalaivalayo anali ndi mkazi kunyumba. Anamuonetsa katatu, ndipo katatu konse ali pawindo, akupinda nsalu imodzimodziyo, osatulutsa liwu.

"Mayi ameneyu alibe pakamwa?" anatero wa mapasa mokweza. "Mwamuna wachoka milungu itatu, wabwera wangokhala pampando ngati mlendo, iye n'kumangopinda nsalu? Akanakhala wanga akanaimva nyimbo, popanda khoma pakati."

Amayi a mzere wakutsogolo anaseka.

Vuto lenileni linali mawu. Filimu yopangidwa kuti izimveka ngati ili kuseri kwa khoma, ukaitsitsanso kufika pa folo, palibe chotsala. Tinkangoona zala za dalaivala zikugunda pachiwongolero, chimene zikutsatira osachimva. Wa mapasa anatembenuka n'kukweza dzanja kukawindo.

"Akulu a makina! Anatiuza kuti ndi filimu ya oimba. Kapena ndi ya osamva?"

Mawu amenewo anandilasa, ngakhale iye sankadziwa kanthu. Ena anamuvomereza, "Kwezaniko pang'ono, achimwene!" Ndinamva kugunda kuja kukukula. Patapita nthawi ana awiri anayamba kulira n'kuphimba zonse, wina anadandaulanso, ndipo kunakulanso. Kenako kachitatu. Tsopano du, du, du uja ndinkamumva mumpando, kumsana. Ndakhala ndi munthu wa makina nthawi yokwanira kuti ndidziwe: inali itafika pa seveni. Ndinadziuza kuti akudziwa chimene akuchita, filimuyi aiona kakhumi ndi kamodzi, chitseko chisanafike atsitsa.

Mlonda sanagone. Anakhala pamiyendo panga atatsamira mimba yanga, akuyamwa lamba wa chikwama, maso ali kutsogolo. Kuwala kukasintha, nkhope yake inkasintha nako.

M'filimumo unali ulendo womaliza. Maso a dalaivala anali atayamba kuchita chidima, ndipo mwini bandi anali atamuuza kuti akabwerera asiye makiyi. Anatsika m'basi, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pakhoma lakumbuyo kwa nyumba yovinira, pafupi ndi migolo ya zinyalala. Anaika chikhatho pakhomapo. Kenako pakona panatulukira mayi wovala epuloni, atanyamula kireti ya mabotolo.

Kumbuyo kwanga ndinamva kachitseko ka masitepe kakulira. Ndinacheuka. Amuna anga anali ataima pakatani, manja atapinda pachifuwa, nkhope yonse ili ku filimu. Miyendo inali itawatsitsa yokha monga inkachitira madzulo aliwonse. Ndinayang'ana kukawindo. Munalibe munthu.

Mayi wa kireti anali atatsala ndi mapazi ngati khumi.

Manja anga anakwera okha n'kuphimba makutu a Mlonda. Timakutu take tinali tofunda, tofewa ngati masamba anthete. Ndikanatha kuitana bambo ake, anali pafupi moti ndikanawagenda ndi thewera. Ndikanatha kumugunda wa mapasa ndi chigongono kuti atseke ana ake. Zonsezi ndinaziganiza, ndipo mpaka lero ndikakumbukira timapasa tija ndimachita manyazi. Sindinaitane munthu. Ndinachotsa manja pamakutu a mwana wanga n'kuwaika pamawondo.

Mayi uja anakankha chitseko ndi phazi.

Malipenga anatuluka ngati madzi paipi yaikulu ikaphulika. Ng'oma inandimenya pachifuwa, ndipo pamwamba pa zonsezo panali liwu la mkazi, lokwera, losalala, limene ola lonse lija sitinalimveko ngakhale pang'ono. Inali nyimbo yokoma. Ngakhale panthawi imeneyo, mtima uli m'mwamba, ndinamva kuti ndi yokoma, ndipo misozi inalengeza.

M'holo munali chipwirikiti. Makanda makumi awiri anakuwa nthawi imodzi. Mapasa anadumpha ngati awathira madzi otentha, botolo la mkaka linagubudukira pansi pa mipando, amayi ena akuthamangira kukhomo atakumbatira mitu ya ana awo. Amuna anga anadzidzimuka ngati munthu wodzutsidwa ndi mbama. Anatembenuka kuti athamangire kumasitepe, koma potembenukapo maso awo anadutsa pamzere wathu, ndipo anaima.

Mlonda anali chikhalire. Lamba kukamwa, maso pa dalaivala, osaphethira. Mpando unkanjenjemera, ndiye anawerama n'kuyang'ana chogwirira chake, n'kuchimenya kawiri ndi kachikhatho ngati akufunsa kuti iwe watani. Kenako anatembenuka n'kuona mapasa pafupi naye, kukamwa kuli yasa, misozi ili chuchuchu. Anayang'ana mmodzi, anayang'ana winayo. Mlomo wake wam'munsi unayamba kugwedera, ndipo m'pamene analira, kulira kobwereka, kochita kuonera kwa anzake.

Bambo ake anaona zonsezo. Sanakwere masitepe. Chitseko cha m'filimu chinatsekeka chokha, nyimbo inabwerera kuseri kwa khoma, m'holo n'kungotsala kulira kwa ana.

A manijala analowa akuthamanga n'kuyatsa magetsi onse. Zimene ananena n'zambiri. Anakwera okha kukazimitsa makina, n'kuwauza amuna anga kuti aime pakhomo apepese mayi aliyense payekhapayekha. Anaimadi. "Pepani mayi, wolakwa ndine. Pepani mayi." Ena anawayankha, ena anangodutsa. Wina anawafunsa ngati iwowo ali ndi mwana.

Wa mapasa anali akulongedza, ana ake akusisimabe. "Koma wanuyu ndi mwamuna," anandiuza. "Chiphokoso chonse chija osadzidzimuka n'komwe? Angawa mitima ikuchita kugunda ngati..." Anandiyang'ana kumaso n'kusiyira pomwepo. Anayang'ana Mlonda, kenako ine. "Ayi, mayi," anatero motsitsa mawu. "Pakamwa pangapa sipalemera. Mundikhululukire zija ndinanena." Anandigwira pamkono pang'ono, n'kunyamula ana ake.

Onse atatuluka ndinakwera masitepe, mwana ali m'manja. Kachipindako n'kotentha, kamanunkha fumbi lopsa ndi mawaya. Amuna anga anali atakhala pampando wawo wopanda chotsamira, akuyang'ana kabatani ka voliyumu. Kanali pa seveni pomwe.

"Munandiona nditatsika," anatero osatembenuka.

"Ndinakuonani."

"Munadziwa kuti sindinatsitse."

"Ndinadziwa."

"Osandiuza?"

"Bambo a Mlonda, ndakhala ndikukuuzani miyezi itatu."

Kenako anatambasula manja, ndinawapatsa mwana. Anamukhazika patebulo pakati pa mawaya, atayang'ana kukhoma, ine nditamugwira m'chiuno. Iwo anapita kumbuyo kwake. Anayamba asuntha nyale ya patebulo kuti chithunzithunzi chawo chisagwere kutsogolo. Anaomba m'manja kamodzi. Anaombanso chakumanja, kenako chakumanzere, motalikirako kuti mphepo ya manja isamukhudze. Ankachita mosamala, ngati mmene amayesera masipika anthu asanalowe. Kenako anaitana.

"Mlonda."

Mwana ankakanda kapepala komatidwa pakhoma.

"Mlonda. Bwana. Iwe." Anaitananso. "Ndine bambo ako, iwe."

Anabwerera pampando. Anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope nthawi yaitali. Ndiye, poti anthufe sitidziwa cholankhula pa nthawi zotere, anandifunsa kuti filimu ndaiona bwanji.

"Imatha bwanji?" ndinafunsa. "Poti atizimitsira."

"Chitseko chikatsekeka dalaivala amaima pang'ono. Kenako amabwerera kukakhala pachiwongolero, kudikira anzake. Mvula n'kuyambanso."

"Zokhazo?"

"Zokhazo."

"Ndi yabwino," ndinatero, ndipo sindinkanama. "Pa lalanje paja sindidzaiwala. Koma wopanga filimuyo amamukonda dalaivala wake mopitirira muyeso. Zaka makumi awiri, panalibe tsiku limodzi loti akanapempha mnzake kuti tandionerako basi mphindi zisanu? Sanalowe chifukwa ankaopa, koma filimuyo ikufuna tiziti n'zokongola. Ndipo mkazi uja anali ndi zonena. Anangomuimika pawindo kuti asasokoneze chisoni cha mwamuna."

"Inu simupinda nsalu," anatero iwo, akuyesa kuseka. Sizinatheke.

"Ndapinda mokwanira."

Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Filimu ina inkayamba thu koloko. Ananyamula Mlonda n'kumuika paphewa, n'kutsika, ine pambuyo. A manijala anali pakati pa mipando akutola mabotolo ndi timasokosi totayika, mkwiyo usanawathere.

"Mayi, ya masanayi sinditha. Tikupita kuchipatala," anatero amuna anga.

"Mwatsala pang'ono kugonthetsa ana a eni ake, ndiye mukufunanso tchuthi?" Anaweramuka, n'kuyang'ana mwana paphewapo. "Wadwala chiyani?"

"Sakumva," anatero amuna anga. Kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa pawo, ndipo anatuluka mouma, ngati akunena za makina. "Mudine batani lobiriwira, kenako lalikulu lija. Voliyumu muisiye pomwe ili, masana kubwera akuluakulu."

A manijala anavula magalasi, anawavalanso. "Pitani," anatero. "Makinawo ndinkawayendetsa inu musanabwere."

M'basi tinapeza mpando umodzi. Ndinakhala ine, iwo anaimirira, koma mwana anakana kumupereka. Dzanja limodzi pachitsulo, lina pamsana pa Mlonda, njira yonse.

Kuchipatala tsiku limenelo anangotilemba, n'kutiuza kuti tibwere Lolemba m'mawa mwana asanagone, chifukwa pomupima amafunika agone pomwepo. Masiku anayi amenewo wailesi ya m'nyumba mwathu sinalire. Apongozi anaimba foni, amuna anga anatuluka nayo panja n'kukhalitsa. Atabwera anangoti amayi akuti atipempherera, ndipo ine sindinafunse zambiri.

Lolemba anatilowetsa m'kachipinda kopanda windo, makoma ake okutidwa ndi zofewa. Amuna anga anagogoda khomalo ndi chala, mwachizolowezi, n'kugwedeza mutu kuyamikira ntchito ya amene analikonza. Mlonda anavuta pang'ono, kenako anagona m'manja mwawo. Namwino wachikulire anamumata timawaya pachipumi ndi kuseri kwa makutu, n'kutenga fomu.

"Munayamba kukayikira liti?"

Ndinatsegula pakamwa, koma amuna anga anandiyambirira.

"Mayi akewa anaona ali ndi miyezi isanu. Wochedwetsa ndine. Lembani choncho."

"Pafomupa palibe polemba zimenezo, bambo."

"Lembani m'mphepete."

Namwinoyo anawayang'ana, n'kulemba kenakake kakafupi. Sindinaone kuti n'chiyani.

Kupimako kunatenga pafupifupi ola. Pakompyuta pankayenda timizere, amuna anga akutitsatira ndi maso, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa dokotala asanalankhule. Dokotalayo anali mtsikana, mwina wa msinkhu wanga, wolankhula modekha. Anati khutu lamanja palibe chimene likugwira. Lamanzere latsala ndi kanthu kochepa kwambiri, kosakwanira kumudzidzimutsa, koma kokwanira kuyesera kachipangizo kothandiza kumva. Anati nthawi yapitako ndithu koma sinathe, bola tisatayenso sabata ina. Anatinso Loweruka lililonse pamakhala kalasi ya makolo yophunzira kulankhula ndi manja, ndipo kawirikawiri amabwera ndi amayi okhaokha.

Ine ndinkangogwedeza mutu, nditagwira kaphazi ka mwana wanga. Ndinkayesa kuti ndikadzamva ndidzakomoka, koma ayi. Ndinkangomva kutopa, ngati munthu amene watula mtolo n'kupeza kuti khosi lauma.

"Loweruka m'mawa kapena masana?" anafunsa amuna anga. "Masana ndimakhala ndi mafilimu awiri."

"Naini koloko m'mawa."

"Ndiye mutilembe tonse awiri."